Astrid Lindgren, Mlembi wa Nkhani za Ana a ku Bullerbyn

Kum'mwera kwa dziko la Sweden, m'chigawo cha Småland, kuli kamudzi kotchedwa Sevedstorp. Kamudziko ndi ka nyumba zitatu zamatabwa zomangidwa moyandikana m'mbali mwa msewu, ndipo munthu wodutsa mofulumira sangaone chachilendo chilichonse. Komabe chaka ndi chaka, nyengo yotentha ikafika, alendo ochokera m'mayiko osiyanasiyana amapita kukaziona nyumbazo. Chimene chimawakokera kumeneko ndi mabuku atatu a ana amene anatuluka pakati pa 1947 ndi 1952. Mabukuwa amasimba za ana asanu ndi mmodzi okhala m'mudzi wa nyumba zitatu wotchedwa Bullerbyn, dzina limene m'Chiswidishi limatanthauza Mudzi wa Phokoso.

M'mabuku amenewa mulibe nkhondo kapena zoopsa zina. Ana amapita kusukulu, amathandiza kumunda, amakangana n'kugwirizananso, amadya n'kukagona. Wowerenga angaganize kuti amene anawalemba sanalawepo mavuto pa moyo wake. Koma mayi amene anawalemba, Astrid Lindgren, anachoka kwawo ali ndi zaka 18 ali woyembekezera, anakaberekera kudziko lachilendo, ndipo kwa zaka zitatu mwana wakeyo analeredwa ndi anthu ena. Mbiri ya mayiyu imatithandiza kumvetsa chifukwa chimene anathera moyo wake wonse akulimbikira mfundo imodzi, yakuti mwana amafunika kukhala wotetezeka komanso womasuka, ndipo zinthu ziwirizi zimayendera limodzi.

Ubwana pa famu ya Näs

Astrid Anna Emilia Ericsson anabadwa pa 14 Novembala 1907 pa famu ya Näs, pafupi ndi tauni yaing'ono ya Vimmerby ku Småland. Famuyo inali ya mpingo wa Lutheran, yoikidwa kuti izithandiza abusa a m'deralo, ndipo bambo ake, a Samuel August Ericsson, ankaichita lendi. Bambowa ndi amene anakulira ku Sevedstorp kuja, m'nyumba yapakati pa nyumba zitatu zija. Mayi ake, a Hanna, anali mwana wa mlimi wa m'dera lomwelo. Awiriwa anakwatirana mu 1905 ndipo anabereka ana anayi: Gunnar mu 1906, Astrid mu 1907, Stina mu 1911 ndi Ingegerd mu 1916.

Dera la Småland ndi lamiyala ndi nkhalango zambiri. Kulima kumeneko kunali kowawa, moti m'zaka za m'ma 1800 anthu ambiri anasamukira ku America pothawa umphawi. Banja la Ericsson silinali lolemera, koma silinkagona ndi njala. Pa famupo panali ng'ombe, mahatchi, nkhumba ndi nkhuku, komanso antchito aamuna ndi aakazi amene ankakhala pomwepo ndi mabanja awo. Anthu oyendayenda osowa pokhala ankafikanso kudzapempha chakudya ndi malo ogona, ndipo ana ankamva nkhani zawo.

Atakula, Astrid ankafotokoza kuti ubwana wake unakhazikika pa zinthu ziwiri. Choyamba, makolo ake ankakondana moonekera ndipo ankapezeka nthawi zonse mwana akawafuna. Bambo ake anali munthu wansangala, wokonda kukamba nkhani, amene sankachita manyazi kuonetsa chikondi kwa akazi awo pamaso pa ana. Mayi ake anali osalankhulalankhula, olimbikira ntchito ndiponso okhwimitsa mwambo. Onse awiri anali anthu opemphera. Chachiwiri, makolowa ankawalola anawo kusewera popanda kuwalondalonda. Mwana akang'amba malaya pokwera mtengo kapena akachedwa pa chakudya chifukwa cha masewera, sinkakhala nkhani yaikulu. Ana ankakwera mitengo ndi madenga, kudumphira pa milu ya udzu wouma wa ng'ombe, ndi kusambira mumtsinje.

Ufulu umenewu sunkatanthauza ulesi. Kuyambira ali aang'ono, ana a pa Näs ankapatulira mbewu m'munda, kudyetsa nkhuku ndi kupititsa khofi kwa ogwira ntchito kumunda. Ntchito imene wapatsidwa unkayenera kuimaliza. Akuluakulu amati m'mera mpoyamba, ndipo khama limene Astrid anaphunzira pa famupo linaonekera pa moyo wake wonse.

Chikondi chake pa mabuku chinayambira m'khitchini ya wantchito woweta ng'ombe. Mwana wamkazi wa wantchitoyo, yemwe anali wamkulupo ndipo anali atayamba sukulu, anamuwerengera Astrid nthano ya chimphona china. Astrid anali ndi zaka pafupifupi zisanu. Kuchokera tsiku limenelo ankafunafuna buku lililonse limene akanalipeza.

Mtsikana wa ku nyuzipepala

Kusukulu ku Vimmerby aphunzitsi anaona msanga kuti Astrid ali ndi luso lolemba. Mu 1921, ali ndi zaka 13, chimangirizo chake chinasindikizidwa m'nyuzipepala ya m'tauniyo, Vimmerby Tidning. Anzake anayamba kumuseka pomutcha Selma Lagerlöf wa ku Vimmerby. Lagerlöf anali mlembi wotchuka wa ku Sweden, mayi woyamba kulandira mphoto ya Nobel ya zolembalemba mu 1909. Kusekedwako kunamuchititsa Astrid kutsimikiza mumtima kuti sadzakhala mlembi wa mabuku.

Mu 1924, ali ndi zaka 16 ndipo atamaliza kale sukulu, anayamba kuphunzira ntchito ku nyuzipepala yomwe ija. Ankakonza zolakwika m'zolemba, kulemba timauthenga ta maukwati ndi maliro, ndipo pang'onopang'ono anayamba kulemba nkhani zakezake. Mwini nyuzipepalayo, yemwenso anali mkonzi wamkulu, anali Reinhold Blomberg, bambo wa ana asanu ndi awiri, wamkulu kuposa Astrid ndi zaka pafupifupi 30, ndipo ukwati wake unali m'kati mothetsedwa kukhoti. Bamboyu anayamba chibwenzi ndi mtsikana amene ankamuyang'anira pa ntchito, ndipo mu 1926 Astrid anapezeka kuti ali ndi pakati.

M'tauni yaing'ono imene aliyense ankadziwa mnzake, nkhani yotere sinkabisika. Mwana wa banja lopemphera, lokhala pa famu ya mpingo, anasanduka nkhani ya m'kamwam'kamwa. Blomberg anafuna kumukwatira, ndipo kwa anthu ambiri imeneyo ikanaoneka ngati njira yofafanizira manyazi. Pamapeto pake Astrid anakana. Anakwera sitima ya pamtunda n'kupita ku Stockholm, likulu la dzikolo, kumene anachita lendi kachipinda n'kuyamba maphunziro a usekeletale. Anaphunzira kutayipa ndiponso kalembedwe kofulumira ka zizindikiro kamene masekeletale amati shorthand.

Mwana wa ku Copenhagen

Ku Stockholm anakumana ndi loya wina wamkazi, Eva Andén, amene ankathandiza atsikana oyembekezera osakwatiwa. Loyayu anamulangiza kuti akaberekere ku Copenhagen, likulu la Denmark, pa chipatala cha Rigshospitalet, chifukwa kumeneko mayi sankakakamizidwa kutchula dzina la bambo wa mwana. Pa 4 Disembala 1926 Astrid anabereka mwana wamwamuna, Lars, amene ankamutchula kuti Lasse. Analibe ntchito, analibe nyumba yakeyake, ndipo kwawo sakanabwerera ndi khanda. Anasiya mwanayo m'manja mwa mayi wina wa ku Copenhagen amene ankalera ana a anthu, iye n'kubwerera ku Stockholm.

Zaka zitatu zotsatira zinali zowawa kwambiri pa moyo wake. Malipiro a mu ofesi anali ochepa, ndipo nthawi zina ankadalira maphukusi a chakudya ochokera ku Näs. Kandalama kalikonse kotsala ankasungira tikiti ya sitima yopita ku Copenhagen, ulendo wa makilomita oposa 600, kuti akaone mwana wake kwa tsiku limodzi kapena awiri. Mayi womulera uja anali wachikondi, ndipo Lasse ankamuyesa mayi wake weniweni. Astrid ankafika ngati mlendo n'kuchokanso.

Kumapeto kwa 1929 mayi womulerayo anadwala kwambiri moti sakanathanso kusamalira mwana. Astrid anamutenga Lasse n'kupita naye m'kachipinda kake ku Stockholm. Mwanayo ankalankhula Chidanishi, ankatsokomola usiku, ndipo ankalirira mayi amene anamusiya ku Denmark. Apa m'pamene Astrid anaonera pafupi mmene mwana wamng'ono amavutikira akachotsedwa pa malo amene ankawadalira, popanda womufunsa maganizo. Mu 1930 makolo ake anavomera kumutenga mdzukulu wawo, ndipo Lasse anakhala ku Näs kwa chaka chimodzi ndi miyezi ingapo, anthu a ku Vimmerby akuona. Nkhani yonseyi anthu ambiri a ku Sweden sanaidziwe mpaka mu 1977, pamene Margareta Strömstedt anatulutsa buku la mbiri ya mlembiyu.

Banja, nkhondo ndi Pippi

Mu 1928 Astrid anapeza ntchito ku bungwe la oyendetsa magalimoto la KAK ku Stockholm. Kumeneko anakumana ndi Sture Lindgren, woyang'anira ofesi, ndipo anakwatirana mu 1931. Tsopano Lasse anabwera kudzakhala ndi mayi ake. Mu 1934 kunabadwa mwana wamkazi, Karin. Mayi Lindgren anakhala zaka zingapo akusamalira pakhomo, uku akugwira maganyu a usekeletale ndi kulemba tinthano ta m'magazini kuti apezeko ndalama.

Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse dziko la Sweden silinalowerere, koma boma linkatsegula mwachinsinsi makalata opita ndi ochokera kunja. Kuyambira mu 1940 Mayi Lindgren ankagwira ntchito yowerenga makalata amenewa. Kudzera m'makalatawo anadziwa zimene nkhondo inkachita ku mabanja m'mayiko oyandikana nawo. Ankalembanso zochitika za nkhondoyo m'makope awo, amene anasindikizidwa mu 2015, iwo atamwalira kale.

Mu 1941 banjali linasamukira m'nyumba ya pa msewu wa Dalagatan, nambala 46, mmene Mayi Lindgren anakhala mpaka imfa yawo. Chaka chomwecho Karin anadwala chibayo. Ali chigonere anapempha mayi ake kuti amusimbire za mtsikana wotchedwa Pippi Långstrump, dzina limene analipeka yekha nthawi yomweyo. Mayi ake anayamba kumusimbira za kamtsikana ka tsitsi lofiira, kamphamvu zonyamula hatchi, kokhala kokha popanda makolo. Mu Malichi 1944 Mayi Lindgren anaterereka pa madzi oundana n'kubinya phazi. Poti sakanatha kuyenda, analemba nkhani zija mu shorthand ali pabedi, kenako anazitayipa n'kumupatsa Karin ngati mphatso atakwanitsa zaka 10.

Kampani yaikulu yosindikiza mabuku ya Bonniers inakana nkhaniyo. Koma kampani ina yaing'ono, Rabén & Sjögren, inkachititsa mipikisano ya olemba. Mu 1944 Mayi Lindgren anapata mphoto yachiwiri ndi buku lina la atsikana, ndipo mu 1945 Pippi, atakonzedwanso, anapata mphoto yoyamba n'kusindikizidwa. Ana analikonda bukulo nthawi yomweyo. Akuluakulu ena anakwiya nalo. Mu 1946 pulofesa wa maphunziro John Landquist analemba m'nyuzipepala kuti bukulo n'losayenera ana, ndipo makolo ena ankaopa kuti liphunzitsa ana mwano. Chaka chomwecho kampani ija inawalemba ntchito Mayi Lindgren ngati mkonzi wa mabuku a ana, ntchito imene anaigwira mpaka 1970. M'mawa ankalemba mabuku awo ali pabedi, masana ankapita ku ofesi kukakonza mabuku a anthu ena.

Mudzi wa nyumba zitatu

Anthu akukanganabe za Pippi, mu 1947 Mayi Lindgren anatulutsa buku losiyana nalo kotheratu, Alla vi barn i Bullerbyn, kutanthauza kuti ife tonse ana a ku Bullerbyn. Lachiwiri linatuluka mu 1949 ndipo lachitatu mu 1952. Zithunzi za m'mabuku oyambawo anajambula ndi Ingrid Vang Nyman wa ku Denmark, yemwenso anajambula Pippi. Pambuyo pake Ilon Wikland anajambula zina zimene owerenga ambiri amazidziwa masiku ano.

Wosimba nkhani ndi Lisa, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri, amene amakhala m'nyumba yapakati ndi alongo ake awiri, Lasse ndi Bosse. M'nyumba ya kumpoto muli Britta ndi mng'ono wake Anna, pamodzi ndi agogo awo aamuna amene maso awo sakuonanso bwino. M'nyumba ya kum'mwera muli Olle, amene poyamba ali yekha, kenako amakhala ndi mlongo wake wakhanda, Kerstin. Nyumbazo n'zoyandikana kwambiri moti anyamata amadutsira mumtengo waukulu kuchoka pa windo lina kupita pa lina, ndipo atsikana amatumizirana makalata m'kabokosi kodutsa pa chingwe.

Zochitika zake n'zazing'ono. Ana amapatulira tanaposi m'munda n'kulandirapo tindalama. Amagona usiku m'nyumba yosungiramo udzu wa ng'ombe n'kumaopsezana. Lisa amalera kamwana ka nkhosa kotchedwa Pontus pokamwetsa mkaka wa m'botolo, ndipo tsiku lina amapita nako kusukulu. Atsikana awiri amatumidwa kusitolo, amaika mndandanda wa zogula m'nyimbo kuti asaiwale, koma amaiwalabe n'kumabwerera kangapo. Olle amamvera chisoni galu wa wosoka nsapato wina wankhanza, amayamba kumudyetsa ndi kumusamalira, mpaka galuyo amakhala wake. Ana amawawerengera agogo aja nyuzipepala, ndipo ngakhale agogowo ndi a Britta ndi Anna okha, ana onse amawayesa agogo awo.

Mayi Lindgren ankavomereza kuti mwa mabuku awo onse, amenewa ndi amene amafanana kwambiri ndi ubwana wawo. Malo ake anatenga ku Sevedstorp kwa bambo awo, koma masewera ndi ntchito anatenga ku Näs. Nkhani ya Bosse yoika dzira la nkhuku m'chisa cha kadzidzi anaitenga pa zimene mlongo wawo Gunnar anachitadi ali mwana.

Kwa munthu amene akuphunzira uphunzitsi, zinthu zitatu n'zofunika kuziona m'mabukuwa. Choyamba ndi chiyankhulo. Lisa amalankhula ngati mwana, ndi ziganizo zazifupi ndi mawu a tsiku ndi tsiku, moti mwana amene wangoyamba kuwerenga amatha mutu umodzi payekha. Mitu yake ndi yaifupi ndipo uliwonse uli ndi nkhani yakeyake yokwanira. Chachiwiri, bukulo sililalikira. Palibe wamkulu amene amaima n'kunena phunziro kumapeto. Mwana amaona Olle akudyetsa galu wanjala ndipo amamvetsa yekha. Chachitatu ndi malo a akuluakulu. Makolo ndi aphunzitsi a ku Bullerbyn alipo nthawi zonse, chakudya chilipo, nyali imayaka pa windo, koma salowerera m'masewera a ana. Mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe ukuoneka m'mudzi umenewu, pakuti khomo lililonse ndi lotseguka kwa mwana aliyense.

Ena amadandaula kuti Bullerbyn ndi mudzi wokongola mopitirira, wopanda njala, matenda ndi imfa zimene zinalipodi m'midzi ya ku Småland. Ku Germany, kumene mabukuwa amakondedwa kwambiri, dzina la mudziwu linasanduka mawu onenera munthu amene amaganiza kuti ku Sweden zonse n'zabwino. Dandauloli lili ndi mfundo. Koma tikumbukire amene analemba ndiponso nthawi imene analemba. Anali mayi amene mwana wake sanakhale ndi mudzi wotere m'zaka zake zoyambirira, ndipo analemba patangopita zaka ziwiri nkhondo itatha, ana ambirimbiri a ku Ulaya ali amasiye. Ankadziwa bwino kuti ana ambiri alibe Bullerbyn. Analemba kuti aonetse chimene mwana aliyense amayenera kukhala nacho.

Mbali yowawayo anailemba m'mabuku ena. Mio, min Mio la mu 1954 limasimba za mnyamata woleredwa ndi anthu osamukonda. Rasmus på luffen la mu 1956 ndi la mwana wothawa kunyumba ya ana amasiye. M'mabuku a Emil, amene anayamba mu 1963 ndipo ena mwa magwero ake ndi nkhani zimene bambo awo ankasimba, muli nyumba ya okalamba osauka amene amagona ndi njala. Bröderna Lejonhjärta la mu 1973 limakamba za imfa ya ana mosabisa. Mu 1958 analandira mphoto ya Hans Christian Andersen, imene ndi imodzi mwa mphoto zapamwamba kwambiri za mabuku a ana.

Mabuku awo ali ndi zofooka zake. M'nkhani za Pippi munali mawu onyoza anthu akuda, ofala ku Ulaya m'zaka za m'ma 1940, ndipo m'mabuku osindikizidwa kuyambira mu 2015 ku Sweden mawuwo anasinthidwa. Mphunzitsi wosankhira ana buku ayenera kudziwa zoterezi.

Kulankhulira opanda mawu

Mwamuna wawo, a Sture, anamwalira mu 1952 atavutika ndi mowa kwa zaka zingapo, ndipo Mayi Lindgren sanakwatiwenso. Atapuma ntchito ya ukonzi anayamba kulankhulapo pa nkhani za dziko. Mu Malichi 1976 analemba nthano yoseketsa m'nyuzipepala ya Expressen atazindikira kuti, malinga ndi malamulo a nthawiyo, msonkho wa pa gawo lina la ndalama zawo unafika 102 peresenti. Nduna ya zachuma, Gunnar Sträng, inawaseka poyamba, koma zinapezeka kuti masamu awo anali olondola. Chaka chomwecho chipani cha Social Democrats chinagonja pa chisankho chitalamulira zaka 44, ndipo anthu ambiri amati nthanoyo inathandizirako.

Nkhani imene inali pamtima pawo kwambiri inali ya kumenya ana. Mu Okutobala 1978 anapatsidwa mphoto ya mtendere ya ogulitsa mabuku a ku Germany, mumzinda wa Frankfurt. Okonza mwambo ataona zimene anakonza kukalankhula anachita mantha ndipo anafuna kuti asazilankhule, koma iwo ananena kuti akatero sabwera. Anawalola. Mfundo yawo inali yakuti mtendere wa mayiko umayambira m'nyumba, chifukwa atsogoleri a mawa amaphunzira chikondi kapena nkhanza ali m'manja mwa makolo.

Anasimba nkhani imene anaimva kwa mayi wina wachikulire. Mayiyo ali wachitsikana, mwana wake wamwamuna analakwa, ndipo anamutuma kuti akathyole yekha mkwapulo womukwapulira. Mwanayo anachedwa, kenako anabwera akulira atanyamula mwala, n'kunena kuti mkwapulo sanaupeze koma mwalawo akhoza kumugenda nawo. M'maganizo a mwanayo, ngati cholinga cha mayi ake chinali kumupweteka, mwala ukanagwira ntchito yomweyo. Mayiyo analira, anamukumbatira mwana wake, ndipo anaika mwalawo pa shelefu m'khitchini kuti uziwakumbutsa lonjezo lakuti sadzamenyanso mwana.

Mu 1979 dziko la Sweden linakhala loyamba padziko lonse kuletsa mwalamulo kumenya ana ngakhale pakhomo. Lamuloli linali likukonzedwa kale ndi anthu ambiri, koma mawu a Mayi Lindgren anathandiza kuti anthu wamba alimvetse. Sankanena kuti ana azisiyidwa opanda mwambo. Iwo eni anakulira m'nyumba ya malamulo ndi ntchito. Ankatsutsa zoti mantha akhale maziko a mwambowo.

Kuyambira mu 1985 analemba nkhani zingapo pamodzi ndi dokotala wa ziweto Kristina Forslund, zodzudzula kusunga ng'ombe, nkhumba ndi nkhuku mothithikana m'makola a mafamu akuluakulu. Monga mwana wa mlimi, ankakumbukira ng'ombe za ku Näs zikudya msipu panja. Atakwanitsa zaka 80 mu 1987, nduna yaikulu Ingvar Carlsson inawalonjeza lamulo latsopano loteteza ziweto, ndipo linakhazikitsidwa mu 1988. Iwo sanakhutire nalo, chifukwa ankaona kuti silinafike pamene ankafuna.

Zaka zomaliza

Mu 1986 mwana wawo Lars anamwalira ali ndi zaka 59, ndipo imfayi inawapweteka kwambiri. M'chaka chomwecho ndi chotsatira, Lasse Hallström anatulutsa mafilimu awiri a Bullerbyn ojambulidwa ku Sevedstorp komweko. Atakalamba maso awo anafooka, ndipo monga agogo a m'buku lija, ankadalira ena kuti aziwawerengera. Makalata ochokera kwa ana ndi akuluakulu a m'mayiko ambiri ankabwerabe m'matumba. Makalata pafupifupi 75,000 akusungidwa ku laibulale yaikulu ya dziko ku Stockholm, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO linaika zolemba zawo pa mndandanda wa zolemba zofunika kusungidwa padziko lonse.

Mayi Lindgren anamwalira m'nyumba yawo ya ku Dalagatan pa 28 Januwale 2002 ali ndi zaka 94. Mwambo wa maliro unachitika pa 8 Malichi m'tchalitchi chachikulu cha Storkyrkan, ndipo mfumu, mfumukazi ndi nduna yaikulu analipo. Anthu zikwizikwi anaima m'misewu pamene bokosi lawo linkadutsa pa ngolo yokokedwa ndi mahatchi. Anaikidwa m'manda ku Vimmerby, pafupi ndi makolo awo, m'tauni yomwe anachokamo ndi manyazi zaka 76 m'mbuyomo.

Chaka chomwecho boma la Sweden linakhazikitsa mphoto ya dzina lawo, ya ndalama zokwana makrona 5 miliyoni chaka chilichonse, yopita kwa olemba, ojambula ndi olimbikitsa ana kuwerenga. Mu 2015 mphotoyi inapita ku bungwe la PRAESA la ku Cape Town, South Africa, limene limalimbikitsa ana kuwerenga nkhani m'ziyankhulo zawo. Kuyambira chaka chomwecho nkhope yawo ili pa ndalama ya pepala ya makrona 20. Mabuku awo amasuliridwa m'ziyankhulo zoposa 100, ndipo ku Poland buku la ana a ku Bullerbyn lakhala likuwerengedwa m'sukulu za pulayimale kwa zaka zambiri.

Ambiri mwa owerenga magazini ino adzakhala aphunzitsi kapena makolo, ndipo ena ali kale. M'kalasi iliyonse mumakhala mwana wonga Lisa, amene amachokera kunyumba yamtendere, komanso mwana wonga Lasse wa ku Copenhagen, amene wasinthidwasinthidwa m'manja mwa anthu osiyanasiyana. Nthawi zina mumakhalanso mtsikana wonga Astrid wa mu 1926, amene anthu amufulatira. Mayi Lindgren anawadziwa onse atatuwa m'banja mwawo momwe, ndipo m'mabuku awo anawachitira ulemu wofanana. Ntchito yawo inayambira m'khitchini ya wantchito, pamene mwana wasukulu anatenga buku n'kuwerengera mnzake wamng'ono. Zimenezo aliyense wa ife angathe kuchitira mwana amene ali naye pafupi.